Turnberry 1994: chikho chimene Nick Price adachidikira zaka 12

Ambiri amene amaonera gofu pa kanema amaganiza kuti mpikisano waukulu amapambana ndi amene akumenya mpira bwino kuposa anzake onse sabata imeneyo. Ife amene timaphunzitsa masewerawa timadziwa kuti nthawi zina sizikhala choncho. Pamwamba penipeni, akatswiri khumi kapena kuposerapo amakhala akumenya mofanana. Chimene chimawasiyanitsa ndi chisankho chimene munthu amapanga asanakweze ndodo: alunjike pati, alolere ngozi yochuluka bwanji, ndipo akudziwa kapena sakudziwa pamene waima pa mndandanda. Palibe mpikisano umene umaonetsa zimenezi poyera kuposa Open Championship ya 1994, imene idachitikira ku Turnberry m'dziko la Scotland kuyambira pa 14 mpaka pa 17 July, ndipo adapambana ndi Nick Price wa ku Zimbabwe.

Kwa inu amene simudagwirepo ndodo ya gofu, kawerengedwe kake ndi aka. Bwalo limakhala ndi maenje 18, ndipo mpikisano waukulu umaseweredwa masiku anayi, kuzungulira bwalolo kamodzi pa tsiku. Wopambana ndi amene wamenya mpira kochepa kuposa onse. Dzenje lililonse lili ndi nambala yake yotchedwa par, kutanthauza kuti katswiri amayembekezereka kumenya kangati kuti mpira ulowe. Akalowetsa ndi kumenya kumodzi kuchepera pa par, imeneyo ndi birdie. Kuwiri kuchepera ndi eagle. Akapitirira par ndi kumodzi, yagwa bogey. Par ya bwalo lonse la Turnberry chaka chimenecho idali 70, ndiye kuti masiku anayi ndi 280. Price adamaliza ndi 268, kutanthauza 12 pansi pa par. Jesper Parnevik wa ku Sweden adamaliza ndi 269. Atasewera maenje 72, kusiyana kwawo kudali kumenya kumodzi basi.

Bwalo la Turnberry lili m'mphepete mwa nyanja ku Ayrshire, kumwera chakumadzulo kwa Scotland, moyang'anizana ndi chilumba chamwala cha Ailsa Craig. Ndi la mtundu umene amautcha links: dothi lamchenga, mitengo palibe, udzu wam'mbali ndi wautali komanso wokola ndodo, ndipo mpira ukatera umadumpha n'kugudubuzika mtunda wautali. Pa bwalo lotere simumenya mpira kuti ukatere pa mbendera yosonyeza pamene pali dzenje. Mumaumenya kuti ukatere pamalo pamene, ukagudubuzika, ukaime pabwino. Pamenepa m'pamene Tom Watson ndi Jack Nicklaus adapikisana koopsa mu 1977, ndipo Watson adapambana ndi 268 yomweyi. Greg Norman adapambanapo mu 1986.

Kuti mumvetse chifukwa chake tsiku limeneli lidali lolemera kwa Price, muyenera kubwerera m'mbuyo. Adabadwira ku Durban mu 1957 koma adakulira ku Harare, nthawi imeneyo ikutchedwa Salisbury, ndipo gofu adaphunzirira komweko. Mu 1982, ali ndi zaka 25, adatsogola Open ya ku Royal Troon ndi kumenya kutatu kutatsala maenje asanu ndi limodzi okha. Zidamuthawa. Watson adatenga chikho, Price n'kutsalira ndi kumodzi. Mu 1988 ku Royal Lytham adalowa tsiku lomaliza akutsogola, adasewera bwino ndithu ndi kupeza 69, koma Seve Ballesteros wa ku Spain adabwera ndi 65 n'kumulanda chikho m'manja. Kugonja kuwiriku n'kosiyana. Koyamba adadzigonjetsa yekha, kachiwiri adagonjetsedwa ndi munthu amene adasewera modabwitsa. Pakati pa zaka zimenezi Price adakonzanso kamenyedwe kake mothandizidwa ndi mphunzitsi David Leadbetter, amene naye adakulira ku Zimbabwe. Kamenyedwe kake kadali kachangu, kafupi, kosataya nthawi, koma kamabwereza chimodzimodzi nthawi zonse, ndipo ndi ndodo zachitsulo padalibe ambiri omuposa. Mu 1992 adapambana PGA Championship ku Bellerive, chikho chake choyamba mwa zikho zinayi zikuluzikulu za gofu, zimene ndi Masters, US Open, Open ndi PGA Championship. Koma Open idali isadabwere.

Masiku atatu oyamba ku Turnberry ndingowadutsa mwachangu. Watson, ali ndi zaka 44, ndi amene ankatsogola atatha masiku awiri, ndipo anthu a ku Scotland, amene amamukonda ngati mwana wawo, adayamba kulota. Pofika Loweruka madzulo, patsogolo padali Fuzzy Zoeller ndi Brad Faxon, onse a ku America, pa 9 pansi pa par. Price, Parnevik, Watson ndi Ronan Rafferty ankatsatira ndi kumenya kumodzi. Lamlungu Watson adafooka asadafike theka la bwalo, Faxon naye adabwerera m'mbuyo, ndipo mpikisano udatsala pakati pa anthu awiri amene sankasewerera limodzi. Parnevik adali kutsogolo, Price akubwera m'mbuyo mwake.

Mfundo yakuti sankasewerera limodzi ndi yofunika kwambiri. Pa mpira wamiyendo mdani wako umamuona ndipo zigoli aliyense amazidziwa. Pa gofu mdani wako akhoza kukhala mtunda wa theka la kilomita kumbuyo kwako, ndipo njira yokha yodziwira zimene akuchita ndi mabolodi akuluakulu amene amaikidwa m'mbali mwa bwalo, olembedwa mayina a otsogola ndi manambala awo. China chimene umamva ndi phokoso la anthu, koma phokoso silinena kuti akukuwira yani.

Parnevik, mnyamata wa zaka 29 wodziwika ndi kapusi yopindira m'mwamba kutsogolo kwake, adagwira moto pa maenje asanu ndi anayi omaliza. Ma birdie ankangobwera, kuphatikizapo pa dzenje la 16 ndi la 17. Pofika poyambira dzenje la 18 adali pa 12 pansi pa par, akutsogola bwinobwino. Koma iye sankadziwa. Adali atasankha kusayang'ana mabolodi, poopa kuti manambala amusokoneza maganizo pamene zinthu zikumuyendera. Adamva anthu akukuwa kumbuyo, ndipo m'mutu mwake adatsimikiza kuti wina wamupeza, choncho akufunika birdie ina.

Apa m'pamene ndikufuna tikhalitse, chifukwa cholakwa chake sichidali m'manja. Dzenje la 18 ndi la par 4: kumenya koyamba kwakutali, kwachiwiri kofikitsa mpira pa gilini, pamalo paudzu wometedwa bwino pamene pali kadzenje, kenako kugudubuza kawiri. Wofuna par amalunjika pakati pa gilini. Akaphonya pang'ono kumanja kapena kumanzere, mpira umakhalabe pa gilini, ndipo katswiri salephera kawirikawiri kulowetsa ndi kugudubuza kuwiri. Wofuna birdie amalunjika pa mbendera penipeni. Tsiku lomaliza okonza mpikisano amaika mbendera pafupi ndi m'mphepete mwadala, kuti wolunjika pamenepo akaphonya pang'ono agwere m'mavuto. Ndodo ndi yomweyo, dzanja ndi lomwelo, koma malo amene mpira ungatere bwino achepa kwambiri. Parnevik adalunjika pa mbendera. Mpira sudafike, udagwera mu udzu wautali kunja kwa gilini, kumbali imene kudalibe malo okwanira oti augudubuzire. Adautulutsa, adaphonya par, n'kulemba bogey. Adamaliza pa 11 pansi pa par. Zili ngati timu imene ikutsogola mphindi yomaliza n'kutumiza otchinga kumbuyo onse kutsogolo chifukwa palibe wawauza kuti akupambana.

Ndinene chilungamo kwa Parnevik. Par sikadamupatsa chikho pompo. Ikadamuika pa 268, ndipo monga zidathera, akadafanana ndi Price n'kukasewera maenje ena anayi odulira mlandu. Komanso maganizo osayang'ana bolodi si opusa. Akatswiri ambiri a zamaganizo pamasewera amalangiza wosewera kuti aziganiza za mpira umene uli patsogolo pake, osati za zotsatira, ndipo pa maenje ambiri malangizowa ndi abwino. Munthu amene akuwerengera chikho ali pa dzenje la 11 manja ake amauma. Koma malangizo amenewa ali ndi malire. Pa maenje awiri kapena atatu omaliza, nambala ili pa bolodi ndi gawo la funso limene ukuyankha. Sungasankhe ndodo ndi polunjika moyenera usakudziwa ngati ukufunika 3 kapena 4. Ophunzira anga amene amapikisana ndimawauza kuti ngati safuna kuyang'ana okha, agwirizane ndi kadi wawo, wonyamula chikwama uja, mpikisano usanayambe: iye ayang'ane, ndipo pofika dzenje la 16 anene zoona. Kadi wabwino ntchito yake si kunyamula ndodo kokha.

Tsopano Price. Pamene Parnevik ankayamba dzenje lomaliza, Price adali kumbuyo ndithu ndipo maenje ankamuthera. Chimene anthu amaiwala n'chakuti adadzisunga mumpikisano pa maenje apakati, pamene adaphonya gilini koma n'kupulumutsa par ndi timipira tatifupi togudubuza pansi, luso limene bwalo la links limafuna. Par zoterezi siziwonekera pa zithunzi zokumbutsa mpikisano, koma popanda izo zimene zidatsatira sizikadakhala ndi ntchito. Pa dzenje la 16 adapeza birdie n'kufika pa 10 pansi pa par. Dzenje la 17 ndi la par 5, lalitali, koma loti katswiri akhoza kufika pa gilini ndi kumenya kuwiri. Price adafikadi ndi kuwiri, koma mpira udaima kutali ndi kadzenje, mamita pafupifupi 15.

Pa mtunda wotere, ngakhale katswiri wapamwamba salowetsa kawirikawiri. Cholinga chimakhala liwiro: kugudubuza mpira kuti ukaphonya uime pafupi, womaliza ukhale wosavuta. Kugudubuza kawiri kukadamupatsa birdie ndi kumufananitsa ndi Parnevik pa 11. Mpira udayenda, udapendekera potsata kutsetsereka kwa gilini, ndipo mphamvu zake zikutha udagwera m'kadzenje. Eagle. Price adathamanga, adadumpha, n'kukumbatira kadi wake Jeff Medlen, amene aliyense ankamutchula Squeaky chifukwa cha mawu ake ang'onoang'ono. Mwayi udalipo, palibe angakane. Koma kuti mpira wa mamita 15 ukhale ndi mpata wolowa, uyenera kufika pakadzenje uli pa liwiro loyenera, ndipo zimenezo ndi luso.

Chimene chimandikhudza kwambiri ndi dzenje la 18, ngakhale silikumbukiridwa. Price adafika poyambira dzenjelo mtima ukugunda, atangochita chinthu chachikulu kwambiri pa moyo wake wamasewera, akukumbukira bwino za 1982. Ankadziwa nambala yake: 4. Adaika mpira pabwino, wachiwiri adalunjika pakati pa gilini, adagudubuza kawiri, n'kumaliza tsikulo ndi 66. Dzenje lomwelo, mbendera yomweyo, mphindi zochepa chabe Parnevik atadutsapo. Masiku ake anayi adali 69, 66, 67 ndi 66. Zoeller adakhala wachitatu ndi 271. Polandira chikho chija chotchedwa Claret Jug, Price adauza khamu la anthu kuti mu 1982 adachigwira ndi dzanja lamanzere, mu 1988 ndi lamanja, ndipo tsopano wachigwira ndi manja onse awiri.

Kwa ife a kuno kumwera kwa Africa, chaka cha 1994 chidali chapadera. Mu June, Ernie Els wa ku South Africa adapambana US Open ku Oakmont. Mu July, Price adatenga Open. Mu August adapita ku Southern Hills mumzinda wa Tulsa n'kupambana PGA Championship ndi kumenya kusanu ndi kumodzi patsogolo pa Corey Pavin, ndipo adakhala nambala wani padziko lonse. Chichokereni Walter Hagen mu 1924, padalibe wina amene adatengapo Open ndi PGA chaka chimodzi. Masters adapambana ndi José María Olazábal wa ku Spain, kotero kuti kwa nthawi yoyamba chiyambire Masters mu 1934, palibe wa ku America amene adatenga ngakhale chimodzi mwa zikho zinayizi, ndipo zitatu zidabwera kuchigawo chathu chino.

Parnevik adapezanso mwayi wina mu 1997 ku Royal Troon, kumene adalowa tsiku lomaliza akutsogola, koma Justin Leonard adamupitirira. Adapambana mipikisano ingapo ku America ndi ku Ulaya, adaimira Ulaya mu Ryder Cup, mpikisano wa timu ya Ulaya ndi ya America, koma chikho chachikulu sadachigwire. Dziko la Sweden lidadikira mpaka 2016 kuti mwamuna wakwawo, Henrik Stenson, apambane Open, ndipo zidachitikira ku Royal Troon komweko.