Mlandu ukadutsa malire: mafunso ndi mayankho kwa anthu a ku Mulanje ndi Thyolo

Kuno ku Mulanje ndi Thyolo ndi ochepa mabanja amene nkhani zawo zonse zimathera m'dziko muno. Wina mwana wake ali ku Joni, wina anakwatira kutsidya kwa Muloza ku Milange, wina amathyola tiyi pa esiteti imene eni ake enieni ali ku London. Zinthu zikamayenda bwino palibe amaganizako za malamulo. Koma banja likatha, munthu akamwalira, kapena wogula nandolo akazemba ndi ngongole, pamabuka mafunso atatu: mlandu ukazengedwe ku khothi la dziko liti, paweruzidwe ndi lamulo la dziko liti, ndipo chigamulocho chikagwira ntchito kutsidya? Nthambi ya malamulo yoyankha mafunso amenewa maloya amaitchula kuti private international law, ndipo m'zaka zapitazi yasintha kwambiri, mwa zina chifukwa cha milandu yochokera kwathu konkuno.

Kodi amenewa ndi malamulo a United Nations?

Ayi. Dziko lililonse lili ndi akeake. Athu ambiri tinatengera ku England kuyambira mu 1902, ndipo gawo lalikulu silinalembedwe m'buku limodzi koma lili m'zigamulo za majaji. Mozambique inatengera ku Portugal, pomwe a South Africa mizu yawo ndi ya Aroma ndi Adatchi. Ndiye munthu wa pa Limbuli amene amagula ku Milange n'kumalandira ndalama kuchokera ku Johannesburg akuyenda pakati pa malamulo a mitundu itatu osadziwa.

Chimene chilipo ndi bungwe la ku The Hague, m'dziko la Netherlands, lomwe misonkhano yake inayamba mu 1893 motsogozedwa ndi loya Tobias Asser. Bungweli limalemba mapangano oti mayiko azimvana pa nkhani zotere, koma pangano limamanga dziko lokhalo limene lalowamo.

Zinatheka bwanji kuti amayi a m'maesiteti athu akasume ku London?

Njira inatseguka ndi mlandu wa ku Zambia. Anthu 1,826 a m'midzi ya kufupi ndi Chingola anasumira kampani ya Konkola Copper Mines pamodzi ndi kholo lake, kampani yaikulu imene ndi mwini wake, Vedanta, ya ku London, ponena kuti mgodi wawonongera madzi ndi minda yawo. Mu April 2019 khothi lalikulu kwambiri la ku Britain linagamula kuti mlanduwo ukhoza kumvedwa ku England. Linanena zinthu ziwiri. Choyamba, kampani yaikulu ikamalowerera pa kayendetsedwe ka kampani yake yaing'ono, kapena ikamalengeza kuti ndiyo imayang'anira chitetezo cha anthu kumeneko, ikhoza kufunsidwa zinthu zikalakwika. Chachiwiri, majajiwo anavomera kuti malo oyenera mlanduwo anali ku Zambia komweko, koma anaona kuti anthu osauka ochuluka chonchi sakanapeza ndalama kapena gulu la maloya lotha kusenza mlandu waukulu chotero kwawoko.

Pakhomo limeneli ndi pamene panadzera milandu ya m'tiyi. Amayi 36 anasumira kampani ya Camellia ya ku England, kholo la Eastern Produce Malawi, kudzera mwa maloya a Leigh Day, ponena kuti anachitiridwa nkhanza zogonana pa ntchito m'maesiteti a ku Mulanje ndi Thyolo. Mu February 2021 mbali ziwirizi zinagwirizana kunja kwa khothi, pa ndalama zokwana mapaundi 2.3 miliyoni zonse pamodzi, kampaniyo osavomera kulakwa. Mumgwirizanowo munalinso zokhazikitsa njira zotetezera amayi pa ntchito. Amayi enanso 31 anasumira PGI Group, kholo la Lujeri, ndipo kampaniyo inakana milanduyo. Nawonso alimi a fodya masauzande a m'chigawo chapakati ndi kumpoto anasumira British American Tobacco ndi Imperial, ndipo mu June 2021 khothi la ku London linakana pempho loti mlanduwo uthetsedwe usanamvedwe.

Ndiye aliyense wolakwiridwa pa esiteti angolunjika ku London?

Apa ndi pamene anthu ambiri amasokonezeka, ndipo ena amapezerapo mwayi wotolera ndalama m'midzi ati "zolembetsera mlandu wa ku London". Chenjerani nawo. Nkhani za kuchotsedwa ntchito, malipiro kapena kuvulala pa fakitale zimayambira ku ofesi ya leba ndi ku khothi loona za apantchito konkuno.

Komanso khothi kukhala la ku England sizitanthauza kuti lamulo likhala la ku England. Munthu akavulazidwa, lamulo logwira ntchito kawirikawiri ndi la kumene anavulalira. Jaji wa ku London amaweruza ndi lamulo la Malawi, ndipo akatswiri amachita kumufotokozera ngati mboni. Chipukutamisozi nachonso chimayezedwa ndi mlingo wa kuno. Pa mlandu wa PGI zinaoneka poyera: mayi aliyense akanapambana akanalandira mapaundi pafupifupi 10,000, pomwe ndalama zoyendetsera mlandu ku mbali ya amayiwo zinkayembekezeka kupitirira mapaundi 3 miliyoni. Kampaniyo inapempha khothi kuti ndalama zimene ingadzabweze kwa maloya a amayiwo zisapitirire mapaundi 150,000. Mu 2021 jaji anakana, poona kuti kutero kukanapha mlanduwo, ndiponso kuti munthu akhoza kusuma pofuna kuti choonadi chake chimveke, osati ndalama zokha. Ine ndimaona kuti mfundo imeneyi ndi yolemera kuposa ziwerengero zonse zija.

Pali zina ziwiri. Nthawi yosumira ili ndi malire, ndipo pa kuvulala lamulo lathu limapereka zaka 3. Chinanso, chisiyireni Britain kutsata malamulo a European Union kumapeto kwa 2020, kampani ya ku England tsopano ikhoza kunena kuti mlandu ukamvedwe kumene zinthu zinachitikira. Sikuti imapambana nthawi zonse: mu December 2024 khothi la apilo linalola anthu a ku Nepal ndi Bangladesh amene ankagwira ntchito ku Malaysia kupitiriza mlandu wawo ndi kampani ya Dyson ku England.

Achimwene anamwalirira ku Joni. Zikalata za kumeneko zigwira ntchito kuno?

Zigwira, bola zikhale ndi chitsimikizo chotchedwa apostille. Chimakhala chidindo kapena kapepala komatidwa kumbuyo kwa chikalata, kokhala ndi mizere 10 yoikidwa manambala, ndipo pamwamba pake pamalembedwa mawu a Chifalansa otchula pangano la ku The Hague la pa 5 October 1961. Mukaligwira pepalalo yang'anani dzina la amene anasaina chikalatacho, udindo wake, tsiku, nambala ndi chidindo. Ntchito yake ndi kutsimikiza kuti siginecha ndi chidindo nzenizeni. Sichitsimikiza kuti zolembedwamo nzoona.

Malawi ili m'pangano limeneli kuyambira 1967, South Africa kuyambira 1995. Ku South Africa apostille amapereka ku unduna woona za maubale ndi mayiko ena ku Pretoria, ndipo pa zikalata zina kwa rejisitilala wa High Court. Uzani amene akuperekeza maliro kuti achitiretu zimenezi asananyamuke, pakuti kudzazitsata muli ku Thekerani kumadya ndalama ndi miyezi. Panganoli likukulirakulira: China inalowa mu November 2023, Canada mu January 2024, Rwanda chaka chomwecho. Chikalata cha Chipwitikizi chochokera ku Mozambique chimafunika kuchimasulira mwalamulo, ndipo funsani ku ofesi ya kazembe njira yochitsimikizira musanapite nacho ku khothi.

Anasiya nyumba ku Luchenza, galimoto ndi ndalama ku banki ku Joni. Chumachi chigawidwa ndi lamulo liti?

Pamakhala kugawa pawiri. Malo ndi nyumba zimatsata lamulo la dziko limene zili. Katundu wosunthika, monga galimoto ndi ndalama, amatsata lamulo la dziko limene malemuwo ankalitenga ngati kwawo kokhazikika. Apa ndiye pamavuta. Munthu akhoza kukhala ku Joni zaka 20 koma mtima uli kumudzi, akumanga nyumba, akubwera pa Khirisimasi iliyonse, akunena kuti adzapumira kuno. Wotere kwawo nkuno. Koma mtchona amene anakwatira konko, kugula nyumba konko, osatumizanso ngakhale uthenga, khothi likhoza kunena kuti anasamukiratu. Umboni wake ndi tinthu tooneka tating'ono: malisiti a simenti, mauthenga a pa foni, mapepala otumizira ndalama.

Nyumba ya ku Luchenza igawidwa ndi lamulo lathu la chuma cha masiye la 2011, lomwe limaika patsogolo mkazi kapena mwamuna wa malemu ndi ana, ndipo limati kulanda chuma cha masiye ndi mlandu. Ana amene anabadwira ku Joni ndi ana ndithu, amalume sangawachotse pa mndandanda chifukwa choti sayankhula Chichewa kapena Chilomwe. Koma kalata yoyendetsera chuma imene mwatenga ku khothi kuno siyitsegula yokha akaunti ya ku South Africa. Kumeneko muyenera kudzera ku ofesi ya Master of the High Court, yoyang'anira chuma cha masiye.

Ngati malemu anagwirapo m'migodi ina ya golide ku South Africa pakati pa March 1965 ndi December 2019 n'kudwala matenda a fumbi m'mapapo kapena TB, fufuzaninso za Tshiamiso Trust, thumba lochokera pa mgwirizano wa ndalama zokwana 5 biliyoni randi umene khothi la ku Johannesburg linavomereza mu 2019. Amalawi amene anapita pa Wenela ndi TEBA, mabungwe amene ankalemba anthu ntchito za kumigodi, akhoza kukhudzidwa.

Tinakwatirana ku Milange. Kuno ukwatiwu ndi wovomerezeka?

Ngati unamangidwa motsata malamulo a kumeneko, lamulo lathu la maukwati la 2015 limauvomereza. Limavomerezanso ukwati wa chinkhoswe, wa kutchalitchi kapena kumzikiti, ndi wa kwa DC. Vuto limakhala umboni. Ankhoswe amakalamba, amamwalira, ena ali kutsidya. Lembetsani ukwati wanu. Ndipo musaganize kuti kuwolotsa mtsikana wa zaka 15 kukamukwatitsa ku Mozambique kukupulumutsani: kuno zaka zokwatira ndi 18, ndipo nako ku Mozambique lamulo la 2019 linaletsa maukwati a ana.

Kusiyana kumodzi nkofunika kukudziwa. Pa nkhani za banja ndi chuma cha masiye, makhothi athu amafunsa kuti munthuyu kwawo kokhazikika nkuti, pomwe a ku Mozambique amafunsa kuti ndi nzika ya dziko liti. Banja limodzi likhoza kulandira mayankho awiri osiyana, malinga ndi mbali ya mtsinje imene lakasumira. Komanso ku Mozambique nthaka yonse ndi ya boma, munthu amangokhala ndi chilolezo choigwiritsa ntchito, choncho munda umene "munagula" kutsidya musauwerengere ngati wanu wogulitsa mwakufuna.

Bambo a mwana anamutenga kupita naye ku Joni ati kokacheza, mpaka lero sanabwere naye. Nditani?

Pali pangano la ku The Hague la 1980 lofuna kuti mwana wosakwana zaka 16 wotengedwa chonchi abwezedwe msanga kumene amakhala. South Africa, Zambia ndi Zimbabwe zili m'panganoli, Malawi mulibe. Ndiye njira yachidule ija kwa ife njotseka. Chotsala ndi kutenga chigamulo cha khothi la kuno chonena amene ayenera kusunga mwana, kenako kukapempha khothi la ku South Africa, lomwe lidzayang'ana chokomera mwanayo. Musazengereze, mayi. Mwana akazolowera sukulu ndi anzake kumeneko, khothi limavutika kumuzula. Yambirani ku ofesi ya zachisamaliro cha anthu pa boma ndi ku Legal Aid Bureau. Kunena zoona, pa mapangano onse amene dziko lathu silinalowemo, limeneli ndi limene aphungu athu akanayenera kulifunsa kaye, poona kuchuluka kwa mabanja ogawikana pakati pa kuno ndi Joni.

Ndinapambana mlandu kuno, koma wangongoleyo katundu wake ali kunja. Ndalama ndiziona?

Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno. Chigamulo cha khothi la Malawi mphamvu yake imathera pa malire. Masherifu athu sangakalande njinga yamoto ku Milange. Muyenera kupita nacho ku khothi la dzikolo kuti lichivomereze, ndipo kumeneko adzafunsa ngati khothi lathu linali ndi mphamvu pa munthuyo, ngati analandira chisamani n'kupatsidwa mpata wodziteteza, ndiponso ngati chigamulocho ndi chomaliza. Malamulo athu olandirira zigamulo za kunja ndi akale, a nthawi ya atsamunda ndi ya chitaganya, ndipo amakhudza mayiko owerengeka.

Pofuna kuthetsa vuto lotere padziko lonse, ku The Hague anamaliza pangano latsopano mu July 2019. Linayamba kugwira ntchito pa 1 September 2023 pakati pa European Union ndi Ukraine, ndipo Britain inayamba kulitsata pa 1 July 2025. Malawi sinalowemo. Chimene tinalowamo, mu 2021, ndi pangano la ku New York la 1958, lokhudza zigamulo za oweruza amene mbali ziwiri zasankha zokha kunja kwa khothi. Mozambique ndi South Africa nazonso zilimo, pamodzi ndi mayiko oposa 170. Chodabwitsa nchakuti chigamulo cha woweruza wosankhidwa chonchi chimawoloka malire mosavuta kuposa cha jaji wa High Court.

Nanga ife a makopaletivi ndi mabizinesi ang'onoang'ono tilembe chiyani mu kontirakiti?

Kaya mukugulitsa tiyi, makadamiya, nandolo kapena nanazi kwa wogula wakunja, musasaine musanaone ziganizo ziwiri zimene nthawi zambiri zimabisala kumapeto m'zilembo zing'onozing'ono: chonena lamulo la dziko limene lidzagwire ntchito, ndi chonena kumene mkangano udzaweruzidwe. Makhothi amalemekeza zimene mwasankha nokha. Mukasainira kuti mikangano idzamvedwa ku London kapena ku Dubai, mwavomera kuti pa ngongole ya matumba 200 simudzasuma nkomwe, chifukwa tikiti ya ndege yokha idya phindu lonse. Pemphani kuti pakhale Blantyre. Wogula akakana, kambiranani za woweruza wosankhidwa amene angamve nkhani pa intaneti. Lembaninso ndalama imene mudzalipidwe, kaya ndi kwacha, metikali, randi kapena dola, ndi dzina lenileni la kampani monga linalembetsedwera kwawoko, osati dzina la bambo amene amabwera ndi lole pa msika.