Fumbi la kumtaya kuno ku chigwa, kuwaza madzi kokha sikungathandize

Anthu akamadandaula za mtaya wa zinyalala amatchula fungo ndi ntchentche basi, koma ife a zaumoyo chimene chimatidetsa nkhawa kwambiri kuno ku Chikwawa ndi Nsanje ndi fumbi. Si dothi wamba ayi, muli phulusa la mbaula, ndowe zouma, tizidutswa ta majumbo opsa ndi zina zonse zauma ndi dzuwa, ndiye mwera ukawomba mu Julayi kapena kamvuluvulu wa mu Okotobala akadutsa zonsezi zimakatera pa mandasi ndi nsomba zapamsika.

Fumbi loliwona ndi maso lija zambiri limathera m'mphuno. Loopsa ndi laling'onoting'ono lotchedwa PM2.5, lochepa kuposa tsitsi ka 30, limalowa mpaka mkati mwenimweni mwa mapapo ndipo ana, agogo ndi amphumu ndi amene amayamba kuvutika nalo. Lambiri limachokera ku moto, ndiye zoyatsa mtaya kuti zinyalala zichepe zija tisiye chonde, utsi wa pulasitiki ndi poizoni.

Ambiri amati ingobweretsani bauza, galimoto ya thanki yamadzi ija, muwaze madzi. Inde amathandiza, koma pa Nchalo kapena pa Ngabu kutentha kumapitirira madigiri 40, mukawaza masana posakhalitsa pauma gwa. Wazani m'mamawa ndi madzulo, makamaka mumsewu molowera thirakitala, osati kukhuthulira pa zinyalala penipeni chifukwa madziwo amatsika ndi uve wonse kupita pansi, ndipo kuno madzi apansi ali pafupi, zitsime zathu zimatunga omwewo. Oyilo wakutha wa galimoto musathire mumsewu ngakhale pang'ono.

Chimene chimagwiradi ntchito n'kukwirira. Tayirani malo amodzi ochepa patsiku, osati kumwaza bwalo lonse, pomaliza tsenderani n'kuthira dothi lokhuthala masentimita 15. Pokwirirapo mphepo ilibe choti inyamule, ngakhale mbuzi zimasiya kufukula. Dothilo likhale mulu pambali pomwepo, a khonsolo asamadikire kuti likachite kubwera ndi lole.

Mbali yochokera mwera, kum'mwera chakum'mawa, bzalani mitengo ya nimu mizere iwiri kapena itatu kuti itchinge mphepo, imapirira dzuwa lathuli. Ngolo ndi thirakitala zivindikiridwe ndi lona komanso ziziyenda pang'onopang'ono pofika pamtaya. Anyamata otsitsa zinyalala aja apatsidwe masiki ya N95, kansalu kapakamwa fumbi laling'onolo limadutsa.