Mwana waluso pa njinga yamoto musamuthamangitsire pa 500cc

Makolo amene ana awo aonetsa luso pa njinga zamoto zothamanga pa dothi amafunsa funso limodzi, ngakhale amalizungulira mosiyanasiyana: mnyamatayu akwera liti njinga yaikulu? Masiku ano funsoli lafika mpaka ku speedway, mpikisano wa njinga zamoto pa bwalo lozungulira la dothi, chifukwa achinyamata a mu Lusaka akuonera pa YouTube mipikisano ya ku Poland ndi ku England n'kutentheka nayo mtima. Ntchito yanga ndi kukonza njinga za mpikisano ndi kuphunzitsa achinyamata kukwera pa dothi, ndipo yankho langa silikomera ambiri. Mwana amene mukuti ndi waluso chifukwa alibe mantha ndi yemweyo amene ayenera kuchedwetsedwa kwambiri.

Njinga ya speedway ili ndi injini ya 500cc ya silinda imodzi, imayendera methanol m'malo mwa petulo, ili ndi giya imodzi yokha, ndipo ilibe mabuleki. Malamulo salola kuti ipepuke kuchepera makilogalamu 77, choncho opanga amaifikitsa pomwepo. Anthu anayi amazungulira kanayi bwalo la dothi lotalika mamita 260 mpaka 425, akukhotera kumanzere nthawi zonse, ndipo pamzere woongoka amapitirira makilomita 100 pa ola. Pakatha mphindi imodzi zonse zatha. Woyamba amapeza mapointi 3, wachiwiri 2, wachitatu 1, womaliza amabwerera chimanjamanja.

Popeza mabuleki palibe, wokwera amachepetsa liwiro potembenuza njinga cham'mbali kuti tayala lakumbuyo lizitsetsereka. Akafika pakona amaweramira kutsogolo, n'kutulutsa mwendo wakumanzere umene wavala nsapato yachitsulo yokhula pansi, phazi lakumanja likupondereza pachopondera. Njinga ikukhotera kumanzere koma chiwongolero chaloza kumanja. Dzanja lamanja, limene limapatsa moto, ndiye limagwira ntchito yonse. Akapatsa moto wambiri, tayala limangozungulira pamodzimodzi ndipo njinga imamutembenukira. Akatseka moto mwadzidzidzi pakati pa kona chifukwa cha mantha, tayala limagwira nthaka nthawi yomweyo, njinga n'kudzuka n'kumuponya m'mwamba kapena kulunjika naye pampanda. Apa ndi pamene mwana wochokera ku motocross, mpikisano wa pa dothi wa njinga zokhala ndi mabuleki, amavutikira. Thupi lake linazolowera kuti zinthu zikavuta atseke moto n'kugwira buleki, ndipo chizolowezi chimenechi sichichoka ndi kulimba mtima. Chimachoka pozungulira kambirimbiri pa njinga yaing'ono, imene ikamugwetsa amadzuka n'kusasa fumbi.

N'chifukwa chake ngakhale kumene masewerawa anazika mizu ana sayambira pamwamba. Ku Poland amayamba pa tinjinga ta 85cc ndi 125cc pa mabwalo aafupi. Bungwe la FIM, limene limayang'anira mipikisano ya njinga zamoto padziko lonse, lili ndi mpikisano wa SGP3 wa njinga za 250cc wa ana osapitirira zaka 16, kenako SGP2 wa osapitirira zaka 21, ndiye pamwamba pake Speedway Grand Prix imene inayamba mu 1995. Taonani Bartosz Zmarzlik wa ku Poland. Mu 2012, ali ndi zaka 17, anapatsidwa mwayi wopikisana nawo pa Grand Prix ya ku Gorzów ndipo anamaliza wachitatu. Aliyense anaona kuti mnyamatayo ndi wapadera. Koma ukatswiri wa dziko lonse anautenga koyamba mu 2019, patapita zaka 7, ndipo zaka zonsezo anali akupikisana mlungu ndi mlungu mu ligi ya ku Poland, yamphamvu kwambiri padziko. Greg Hancock wa ku America anatenga ukatswiri wake wachinayi mu 2016 ali ndi zaka 46. M'masewera amenewa zaka 14 kapena 15 si zoti munthu n'kumada nkhawa kuti nthawi ikutha.

Kuno kwathu masewerawa sanazike mizu, choncho amene akufuna kuumba mwana ayambira pa zimene tili nazo. Pafamu ina cha ku Chongwe, ku Makeni kapena ku Chilanga pamapezeka malo athyathyathya. Lambulani bwalo lozungulira, muchotse miyala ndi zitsa zonse, malire ake muike matayala akale ogoneka pansi. Kunja kwa kona kusakhale mtengo, khoma, waya waminga kapena galimoto ya amalume amene abwera kudzaonerera, chifukwa wokwera akagwa amatsetserekera kunja. Njinga ya 125cc yokhala ndi mabuleki ake ndi yokwanira chaka choyamba chonse. Musawachotse mabulekiwo, mwana aphunzire kusawagwira iwo alipo.

Dothi lathu lofiira lili ndi khalidwe lake. Kuyambira August mpaka October limauma n'kusanduka fumbi loti wapambuyo saona kanthu, ndipo mvula ikayamba mu November limaterera moti simungaphunzitsirepo chilichonse. Bwalo limafuna kuthiridwa madzi pang'ono, kudikira alowe, kenako kusalaza. Ntchitoyi mwana aziigwira nawo. Amene anathirako madzi ndi kukoka chosalazira amadziwa kuwerenga bwalo, ndipo luso limeneli ndi limene limasiyanitsa okwera akakula. Mpikisano ukamapitirira, matayala amaponyera dothi kunja, m'kati mumatsala poterera, ndiye pogwira bwino pamasamukira kufupi ndi mpanda. Wokwera amene amangodziwa mzere umodzi amapambana maulendo awiri oyamba, kenako n'kumadabwa anzake akumudutsa chakunja.

Pali chinthu china chimene ndimaphunzitsa mwana asanayambe kuthamanga ndi anzake, ndipo makolo ena amakwiya nacho: kugwetsa njinga dala. Mnzako akagwa patsogolo pako ulibe buleki, ndiye njira yokhayo yosamuponda ndi kuigoneka njinga pansi kumanzere, iwe n'kutsetsereka nayo. Zimakanda penti ndi kupinda chiwongolero, n'zoona. Koma mwana amene sangachite zimenezi mosaganiza kawiri sindimulola kulowa m'bwalo ndi ena atatu.

Kenako poyambira. Akuluakulu anati liwiro la mumchenga n'kuyambira limodzi, ndipo mu speedway amene wafika woyamba pakona yoyamba nthawi zambiri ndi amene amapambana, chifukwa otsalira amadya dothi lake. Okwera amaima kumbuyo kwa matepi, zingwe zotchinga poyambira, injini zikulira, zala zili pa kilachi. Ukakhudza matepi asanakwere m'mwamba, ulangidwa. Ukachedwa pang'ono chabe, wataya. Muyang'aneni wokwera wodziwa asanaime: amakumba ndi chidendene pamene tayala lakumbuyo likhale, amapondaponda dothilo, amabwerera m'mbuyo n'kudzaimanso bwino. Matepi akakwera, thupi lonse lili pa thanki kuti tayala lakutsogolo lisadzuke. Achinyamata amadana ndi kuyeserera zimenezi chifukwa n'zotopetsa, mamita ochepa okha kenako kubwerera. Ine theka la nthawi yophunzira ndimalithera pamenepa, ndipo chingwe cha lasitiki chomangidwa pa mitengo iwiri chimagwira ntchito ya matepi bwinobwino.

Za makina ndingodutsamo mwachidule. Injini zambiri za masewerawa ndi za GM ya ku Italy ndi Jawa ya ku Czech Republic, ndipo zimatsegulidwa ndi kukonzedwa pafupipafupi kuposa injini ina iliyonse imene munaionapo. Popeza giya ndi imodzi, liwiro limasinthidwa posintha sipuloketi yakumbuyo malinga ndi kukula kwa bwalo ndi kugwira kwa dothi. Tayala lakumbuyo limatha mbali imodzi, amalitembenuza, kenako lotaya. Zonsezi n'zoitanitsa kunja ndi ndalama zakunja, ndiye muwerengere bwino makwacha anu. Mwana aphunzire yekha kutsuka njinga, kumanga tcheni ndi kumasula kilachi, ndiponso akhale ndi kabuku kolembamo zimene anasintha ndi mmene njinga inamvekera. Wokwera amene akatsika amangoti "sikuyenda" sathandiza makanika wake. Methanol nayenso ndi poizoni, munthu akamwa amachita khungu kapena kufa kumene, ndipo akayaka masana malawi ake saoneka. Chigubu chake chilembedwe bwino ndi kutsekeredwa, makamaka pafamu pamene pamadutsa anthu ambiri.

Ngozi sindizibisa kwa kholo lililonse. Darcy Ward wa ku Australia anali katswiri wa dziko lonse wa osapitirira zaka 21 mu 2009 ndi 2010, ndipo ambiri ankati ndi waluso koposa mu mbadwo wake. Mu August 2015 anagwa ku Zielona Góra ku Poland n'kuvulala msana, ndipo sanakwerenso. Zimenezo zinachitika pa bwalo la ligi, madokotala ali pomwepo. Pafamu ya ku Chongwe mulibe zimenezo, choncho pasakhale kuyeserera popanda munthu wamkulu wodziwa chithandizo choyamba ndi galimoto yokonzeka, yoloza kunjira. Chisoti chikhale chatsopano ndi chomukwana, osati cha pa salaula chimene simukudziwa kuti chinagundapo chiyani, kuwonjezera zoteteza msana, chifuwa ndi mawondo. Mwana akamenyetsa mutu n'kumaoneka wozunguzika, tsikulo latha, ndipo sabwerera pa njinga mpaka dokotala avomere, kaya alire bwanji. Mafupa a mwana wa zaka 14 akadali kukula, ndipo kuthyoka pafupi ndi polumikizira kumafuna kupimidwa bwino kuchipatala.

Bambo amene amaima pakona n'kumakuwa kuti "patsa moto!" ndi amene amandivutitsa kuposa mwana aliyense. Mwana amamva mawu a bambo ake kuposa anga, ndiye amapatsa moto pamene sanakonzeke. Ndimawapempha kuti akagwire wotchi kutsidya lina.

Nanga akafika poti bwalo la pafamu lamuchepera? Chigawo chathu chili ndi mbiri yake m'masewerawa. South Africa inatulutsa Henry Long amene anafika mu fainolo ya dziko lonse mu 1952, ndipo Mike Ferreira wa ku Zimbabwe anapambana ukatswiri wa okwera a mu National League ya ku Britain mu 1981 akukwerera timu ya Canterbury. Onsewa anachita kutuluka kwawo kuti akule, ndipo mwana wa mu Lusaka nayenso adzayenera kutero. Ulendo woyamba ukhale wokaphunzira kwa masabata ochepa pa njinga yobwereka ya 250cc, osati wokasaka timu. Musanagule tikiti, pitani ku Zambia Motor Sport Association mukafunse za laisensi ndi kalata yomulola kupikisana kunja, ndipo mufufuze inshuwalansi imene imavomera ngozi za mpikisano, chifukwa yapaulendo wamba nthawi zambiri imakana. Muonenso kalendala ya sukulu. Nyengo ya speedway ku Ulaya imayamba cha mu March kapena April n'kutha mu October, nthawi imene wa Grade 12 akulowa m'mayeso, choncho chaka chimenecho ulendo ukhale wa patchuthi cha April, abwere akalembe.