Mmene luso la zojambula ndi nyimbo limanolera maso ndi makutu a dokotala

Anthu ambiri akamva kuti sukulu zina za udokotala zimapita ndi ophunzira awo kukaona zithunzi zojambula pamanja, amati kumeneko n'kutaya nthawi yophunzirira mankhwala. Komabe kupima wodwala kumayambira pa kuona ndi kumvetsera, ndipo mbiri ya zachipatala imasonyeza kuti madokotala akhala akudalira aluso pa zinthu ziwirizi kuyambira kale.

Kwa zaka zoposa 1,000, madokotala a ku Ulaya ankaphunzira za thupi la munthu kuchokera m'zolemba za Galen, dokotala wachigiriki wakale, yemwe ankatumbula nyama monga anyani, osati mitembo ya anthu. Mu 1543, Andreas Vesalius, amene ankaphunzitsa ku Padua m'dziko la Italy, anasindikiza buku lokhala ndi zithunzi zojambulidwa mosamala kwambiri potengera mitembo imene anaitumbula yekha. Wojambula sangaike papepala fupa limene sakuliona, motero zolakwika zambiri zinaonekera poyera, kuphatikizapo chiphunzitso chakuti nsagwada ya m'munsi ya munthu ili ndi mafupa awiri, chikhalirecho ndi fupa limodzi. Santiago Ramón y Cajal, dokotala wa ku Spain, amene ali mwana ankafuna kudzakhala wojambula, anajambulanso maselo a ubongo mwaluso lotere, ndipo analandira mphoto ya Nobel mu 1906.

Za makutu n'zochititsa chidwi kwambiri kwa ine. Mukaona dokotala akugoneka chala chake pachifuwa panu n'kumachigogoda ndi chala cha dzanja linalo, dziwani kuti akugwiritsa ntchito njira imene inachokera pa kagogodedwe ka chifuwa kamene Leopold Auenbrugger wa ku Vienna anakafotokoza mu 1761. Mapapo athanzi, poti amakhala odzaza ndi mpweya, amalira ngati ng'oma, pamene mbali imene mwalowa madzi kapena mafinya imamveka mogontha. Auenbrugger anali wokonda nyimbo kwambiri, ndipo n'zosadabwitsa kuti khutu lozolowera kusiyanitsa maliridwe a zoimbira ndi limene linayamba kumva kusiyana kumeneku. René Laennec, amene anapanga chida chomvetserera mtima ndi mapapo ku Paris mu 1816, naye ankaimba chitoliro.

Tikabwerera ku za maso, chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990, Irwin Braverman, dokotala wa matenda a pakhungu pa yunivesite ya Yale, anayamba kuimika ophunzira ake patsogolo pa chithunzi n'kuwauza kuti afotokoze zimene akuona asanathamangire kunena tanthauzo lake. Vuto la wophunzira, ngakhalenso la ife amene takhalitsa pa ntchitoyi, ndi kufulumira kutchula dzina la matenda. Munthu akangoti "ichi ndi chipere", maso ake amasiya kufufuza, osaonanso ngati zidzolozo zili zotukuka kapena zosalala, ngati m'mphepete mwake muli mofiira kuposa pakati, kapena ngati zatuluka mbali imodzi yokha ya thupi, pamene tinthu timeneti ndi timene timasiyanitsa matenda ofanana maonekedwe.

Nanga luso lingachize wodwala? Apa m'pofunika kusamala. Adrian Hill, wojambula wa ku Britain, anaona kuti kujambula kunkamulimbitsa mtima pamene ankadwala chifuwa chachikulu, ndipo anathandiza kufalitsa chithandizo chotere m'zipatala m'zaka za m'ma 1940. Koma kujambula sikupha kachilombo ka TB, ndipo amene angakuuzeni kuti musiye mankhwala chifukwa cha nyimbo akukunamizani. Phindu lake lili pochepetsa nkhawa, popeputsa ululu, ndiponso pothandiza thupi kuyambiranso ntchito zake. Mwachitsanzo, ena amene asiya kulankhula chifukwa cha sitiroko amathabe kuimba mawu omwewo amene akulephera kuwatchula, popeza kuimba kumagwiritsanso ntchito mbali zina za ubongo zimene sizinavulale. Akatswiri ophunzitsa odwala kulankhula amayambira pomwepo: amamuimbitsa wodwalayo mawu afupiafupi monga "ndikufuna madzi" uku akumugogoda dzanja motsatira kayimbidweko, kenaka amachepetsa nyimboyo pang'onopang'ono mpaka mawuwo azituluka ngati kulankhula wamba.