Kupalasa njinga padzuwa la ku Joni

Amalawi ambiri kuno ku Joni timayendera njinga yakapalasa. Wogwira ntchito ya m'maluwa ku Fourways amene amagona ku Diepsloot, mlonda wochokera ku Cosmo City kapena ku Zandspruit, mnyamata wosaka maganyu ku Randburg, onsewa amadziwa kuti ndalama ya tekisi ikapulumuka ndi imene imapita kumudzi pakutha pa mwezi. Ine monga namwino wothandiza odwala mwadzidzidzi sindingauze munthu kuti aisiye njingayo. Imalimbitsa mtima, imadyetsa ana. Koma kuyambira Seputembala mpaka Malichi pali zimene wopalasa ayenera kuzidziwa, chifukwa matenda obwera ndi kutentha amagwetsa anthu amphamvu, amene sadwaladwala n'komwe.

Ndikayamba nkhaniyi ambiri amandidula. “Anesi, ine kwathu n'ku Nsanje. Kumeneku mukuti kutentha?” Mbali ina akunena zoona. Johannesburg ili pamalo okwera mamita opitirira 1,700 kuchokera pa nyanja yamchere, pamwamba kuposa Dedza boma, ndipo masana ambiri a Januwale amathera pa madigiri 26 kapena kuyandikira pamenepo. Koma kuno kumabweranso masiku a ng'amba yeniyeni. Mu Januwale 2016, nyengo ya El Niño yomwe inapsereza chimanga kwathu, Johannesburg inafika madigiri 38 ndipo ku Pretoria kunapyola 42. Chinanso n'chakuti kupirira kutentha si kwa mtundu kapena kwa kumene munthu anabadwira. Thupi limachita kuzolowera. Likagwira ntchito potentha kwa sabata imodzi kapena ziwiri limayamba kutuluka thukuta msanga, thukuta lambiri koma la mchere wochepa, ndipo madzi a m'magazi amachuluka. Likakhala pozizira kwa milungu ingapo zonsezi zimachoka. Munthu amene wadutsa chisanu cha Juni ndi Julayi cha kuno, cha ku Nsanje chimene watsala nacho ndi chilankhulo basi. N'chifukwa chake masiku oyamba otentha a Seputembala ndi Okutobala ndi amene ndimawaopa kwambiri, pamodzi ndi tsiku limene dzuwa laswa mtengo pambuyo pa sabata ya mvula ndi mitambo. Masiku amenewo palasani mofatsa, nyamukani msanga kuti musathamangire nthawi.

Chimene ambiri sachidziwa n'chakuti kutentha koopsa kwa wopalasa kumachokera m'thupi mwake momwe. Pa mphamvu zonse zimene minofu imagwiritsa ntchito, gawo limodzi lokha mwa magawo anayi kapena asanu ndi limene limayendetsa njinga. Zotsalazo zimasanduka kutentha. Tinganene kuti wopalasa wanyamula mbaula m'miyendo, ndipo akamalimbikira kuponda ndiye kuti akuikupizira. Thupi limafuna kukhala pa madigiri 37, choncho limatumiza magazi ambiri kukhungu ndi kutulutsa thukuta. Thukuta limaziziritsa pamene likuuma pakhungu. Limene likungodontha pansi kapena kunyowetsa ovololo yokhuthala ndi madzi otayika pachabe.

Apa ndiye pali msampha wa Joni. Mpweya wa kuno ndi wouma, makamaka mvula isanayambe, ndipo panjinga mphepo imakuombani nthawi zonse. Thukuta limauma lisanaoneke. Mumafika malaya ali ouma, inu n'kumati lero sindinatuluke thukuta, koma mutayang'ana kumsana kwa malayawo kapena pa lamba wa chisoti mupeza timizere toyera ta mchere. Munthu wopalasa molimbika potentha amataya lita imodzi mpaka awiri pa ola. Madzi akachepa m'magazi, mtima umathamanga kuti ukwanitse ntchito ziwiri nthawi imodzi, kudyetsa minofu ndi kutumiza magazi kukhungu, ndipo pamapeto pake ina mwa ntchitozi imalephereka.

Mzindawu unamangidwa pa zitunda za Witwatersrand, ndiye palibe ulendo wopanda chikweza. Amene amadutsa cha ku Northcliff kapena ku Linksfield akudziwa. Pachikweza ndi pamene mbaula ija imayaka kwambiri, komanso ndi pamene liwiro latsika ndipo mphepo yatha. Mukafika pamwamba n'kupeza maloboti ofiira, mumaima mwadzidzidzi pa phula lotentha, pakati pa utsi wa magalimoto. Miyendo ikasiya kuponda, magazi amatsalira m'munsi, ndipo maso amachita mdima, makutu n'kumalira. Zikatero musalimbane ndi kuthamangira maloboti obiriwira. Tsikani, kankhirani njinga pambali, khalani pansi pamthunzi. Kukankha njinga pachikweza tsiku lotentha si manyazi.

Ulendo umene ndimaudera nkhawa kwambiri ndi wobwerera kunyumba. Mmawa munthu amapalasa kuli kamphepo, thupi litapuma. Koma 4 koloko masana amakwera njinga atatchetcha udzu kapena kusakaniza simenti padzuwa tsiku lonse, atamwa tiyi kapu imodzi ndi madzi pang'ono pampopi. Amayamba ulendo ali wouma kale, pa nthawi imene phula ndi makoma zikutulutsa kutentha kwa tsiku lonse. Choncho kumwa kumayambira kuntchito. Pa maola awiri omaliza musanaweruke imwani madzi okwana theka la lita, pang'onopang'ono, ndipo yang'anani mkodzo musananyamuke. Ukakhala woyererako muli bwino. Ukakhala wachikasu kwambiri, wochepa ndi wonunkha, kapena ngati simunataye madzi kuyambira mmawa, khalani kaye pamthunzi mumwe. Panjira menyani makwiti angapo mphindi 15 kapena 20 zilizonse, kuti pa ola mumalize botolo la theka la lita kapena kupitirirako pang'ono. Dzazani botolo kumene kuli madzi, chifukwa masiku otentha ndi omwenso mipopi imauma m'madera ena. Amene ali ndi filiji aike botolo usiku kuti ligwire ayezi. Amene alibe, alowetse botolo m'sokosi yonyowa n'kulimangirira poomba mphepo, madzi sawira.

Kumwa mopyola muyeso nakonso kumapha. Munthu akamagugudiza malita ambiri a madzi okhaokha kwa maola ambiri, mchere wa m'magazi umasungunuka kwambiri ndipo ubongo umatupa. Izi zimaoneka kwambiri pa mipikisano yaitali ya njinga ngati 947 Ride Joburg, kwa amene amayenda pang'onopang'ono koma akumwa pamalo aliwonse omwera. Ngati muli ndi sikelo, dzipimeni musananyamuke ndiponso mukafika. Kilogalamu imodzi imene yachoka ndi lita imodzi ya madzi. Mukapezeka kuti mwalemera kuposa mmene munanyamukira, mwamwa kwambiri.

Pa ulendo wosakwana ola, madzi ndi chakudya chanu cha masiku onse n'zokwanira, mchere wa m'ndiwo umabwezera umene watayika. Ulendo ukatalika, kapena ngati mwakhetsa thukuta tsiku lonse, pamafunika mchere ndi shuga pang'ono. Simukufunika zakumwa zodula. Thanzi ORS amene tinkasungunulira ana otsegula m'mimba kwathu ali ndi anzake m'mafamase a kuno, ndipo mutha kupanga nokha: lita imodzi ya madzi aukhondo, masupuni aang'ono 6 a shuga osasefukira, ndi theka la supuni yaing'ono ya mchere. Mahewu ndi nthochi n'zabwinonso. Zakumwa za m'zitini zimene amati zopatsa mphamvu sindizikonda pa ntchito imeneyi. Zili ndi shuga wambiri ndi kafini amene amathamangitsa mtima wotopa kale, ndipo zimabisa kutopa kumene kukanakuuzani kuti mupume.

Ovololo ivuleni muimange pakaliyala, pamodzi ndi chikwama. Chikwama chakumsana chimatseka malo aakulu pamene thukuta likanaumira. Valani malaya opepuka, omasuka, owala. Chisoti musachisiye, lamulo la kuno limachifuna, koma sankhani cha mabowo olowa mphepo. Kansalu konyowa m'khosi ndi kuthira madzi kumutu ndi m'mikono zimathandiza kwambiri mu mpweya wouma wa kuno. Dzuwa la pamalo okwera ngati pano ndi laukali pakhungu ndi m'maso ngakhale kwa ife akuda, ndipo abale athu achialubino asayende opanda malaya a manja aatali ndi mafuta oteteza kudzuwa.

Mu Disembala dzuwa limatuluka 5 koloko itangopitirira. Ngati abwana anu ndi omva, apempheni kuti masiku amene nthambi yoona zanyengo ya South African Weather Service yachenjeza za kutentha muziyamba mmamawa. Kukatentha kwambiri ndi bwino kudikira mpaka cha m'ma 5 kusiyana ndi kunyamuka 3 koloko. Vuto lake, madzulo a dzinja la kuno amabwera ndi mabingu ndi matalala, ndipo dera lino lili ndi ziphaliwali zambiri zedi. Mukaona mphenzi werengani. Bingu likamveka masekondi 30 asanakwane, lowani m'sitolo kapena pamalo omwetsera mafuta. Pansi pa mtengo ayi. Mudikire mphindi 30 chilekereni kugunda, ndipo musayese kuwoloka timilatho totsika ta pa mtsinje wa Jukskei madzi akusefukira.

Nkhani ya mankhwala ndiinene mosabisa. Ambiri akafika mutu ukuwawanya amamwa Brufen, diclofenac kapena Grand-Pa. Mutu wa tsiku lotentha kawirikawiri ndi wa ludzu, ndipo mankhwala a gulu limeneli amachepetsa magazi opita ku impso pa nthawi imene impsozo zauma kale. Imwani madzi, pumani, muone ngati mutuwo susiya. Amene mumamwa mankhwala a BP okodzetsa monga hydrochlorothiazide, amene muli ndi shuga kapena vuto la impso, komanso amene muli pa ma ARV okhala ndi tenofovir, samalani kwambiri za madzi. Mankhwala anu musasiye ngakhale tsiku limodzi. Tsiku lokatenga ena kukiliniki, auzeni kuti mumagwira ntchito padzuwa ndi kupalasa mtunda wautali, kuti aziyang'anira impso zanu. Ndipo munthu wa matsire a Lolemba, wotsegula m'mimba kapena amene thupi latentha ndi chimfine, tsiku limenelo akwere tekisi.

Thupi likayamba kugonja pamakhala magawo awiri. Loyamba ndi kufooka: mutu, chizungulire, nseru, minofu kukokana, mtima kugunda mofulumira, koma munthu akulankhula zanzeru. Ameneyu mumugoneke pamthunzi, mukweze miyendo, mumasule zovala, mumuthire madzi ndi kumumwetsa pang'onopang'ono. Asakwerenso njinga tsiku limenelo. Pakatha theka la ola osasintha, kapena akamasanza, apite kuchipatala.

Gawo lachiwiri ndi lakupha, ndipo chizindikiro chake chili m'mutu. Kutentha kwa m'thupi kukapyola madigiri 40 ubongo umasokonezeka. Munthu amayendetsa njinga mokhotakhota, amadzandira, amabwebweta, amakwiya popanda chifukwa, amaiwala njira ya kwawo, ena amagwa ngati akhunyu kapena kukomoka. Musadikire kuti khungu liume, chifukwa wopalasa amatha kufika pamenepa thukuta lili kamukamu. Chimandipweteka mtima n'chakuti anthu odutsa amangoti waledzera, ndipo achibale ena amayamba kuganiza zamatsenga, nthawi n'kumapita. Iye mwini sadziwa kuti akudwala, angathenso kukukanani thandizo. Mnzake woyenda naye ndi amene angamupulumutse.

Mmodzi aimbe 112 pafoni ya m'manja, kapena 10177 ya ambulansi. Enanu yambani kumuziziritsa pompo, osadikira galimoto, chifukwa chimene chimaononga ubongo, chiwindi ndi impso ndi kutalika kwa nthawi imene thupi lakhala lotentha, ndipo theka la ola loyamba ndi lofunika koposa. Muvuleni. Njira yachangu kuposa zonse ndi kumuviika m'madzi ozizira mpaka m'khosi, m'bafa kapena pamalo osaya a dziwe losambira, wina atagwira mutu kuti usamire. Ngati palibe, tengani payipi yothirira maluwa kapena zigubu, muthireni thupi lonse mosalekeza, ena akumukupiza ndi katoni. Ayezi wa pa okala (spaza) mumukulunge m'nsalu zonyowa n'kumuika m'khosi, m'khwapa ndi m'mphechepeche, muzisintha nsaluzo zikafunda. Wosokonezeka mutu musamumwetse kanthu, angatsamwe. Akakomoka mugonekeni cham'mbali. Panado sathandiza apa chifukwa uku si kutentha thupi kwa matenda. Ngakhale atatsitsimuka n'kumati ndili bwino, apitebe kuchipatala, pakuti impso ndi chiwindi zimatha kuonetsa vuto mawa lake, makamaka mkodzo ukada.

Ndikudziwa chimene chimachedwetsa ambiri kuimba foni: mapepala. Gawo 27 la malamulo aakulu a dziko la South Africa limanena kuti munthu aliyense asakanizidwe chithandizo chamwadzidzidzi. Silikunena za nzika zokha. Imbani.

Pomaliza, inu amene mumapita kumudzi pa Khirisimasi n'kubwerera mu Januwale. Mumafika kuno pakati pa nyengo yotentha mutachokera kumene udzudzu wachuluka, ndipo amene mwakhalitsa kuno chitetezo chanu cha malungo chinatsika. Mutu, kuphwanya m'thupi ndi kufooka n'zosavuta kunamizira dzuwa ndi njinga. Kufooka kwa dzuwa kumachepa ndi mthunzi, madzi ndi kupuma usiku umodzi. Ngati thupi likutenthabe, mukunjenjemera, kapena zikupita n'kubweranso, pitani kukiliniki tsiku lomwelo. Ku Gauteng si dera la malungo, ndiye wokupimaniyo sangawaganizire msanga mukapanda kunena. Muuzeni kuti mwangobwera kumene kuchokera ku Malawi, mutchule tsiku limene munafika, ndipo mupemphe kuti akuyezeni malungo.