Mwana wofooka minofu ya mtima: kuchipatala chachikulu akukatani?

Dokotala wa paboma akanena kuti mwana apite ku Queens kapena ku Kamuzu Central akamuunike mtima, makolo ambiri amangoti basi, ndi opaleshoni. Amagulitsa mbuzi, ena kukongola ku banki m'khonde, poganiza kuti abwerako mwana atachira. Pa matenda a minofu ya mtima, amene madokotala timawatchula kuti cardiomyopathy, zinthu siziyenda choncho, ndipo ndi bwino kholo lidziwiretu lisanakwere basi.

Mwana wobadwa ndi bowo mumtima, kapena amene mavavu (timazitseko totsegula ndi kutseka njira ya magazi) a mtima wake anawonongeka chifukwa cha zilonda zapakhosi zosachizidwa, ali ndi malo amodzi amene angathe kusokedwa kapena kusinthidwa. Apa ayi, mnofu wonse ndiwo wafooka. Mtundu wofala mwa ana ndi uja mtima umakula n'kulobodoka ngati mphira ya legeni yotha ntchito, osathanso kukankha magazi mokwanira. Madzi amayamba kudzadza m'mapapo, chiwindi chimatupa. Khanda limayamwa pang'ono n'kusiya bere, thukuta lili kamukamu pamphumi, likupuma mwabefu, ndipo kusikelo silikwera. Wamkulupo amatupa miyendo ndi mimba, satha kuthamanga ndi anzake. Ambiri mwa ana otere amayamba alandira mankhwala a chibayo kapena mphumu kangapo, chifukwa zizindikiro zimafanana kwambiri.

N'chifukwa chake ulendowu ndi wofunika. Chomwe mukutsatira ndi makina ounikira mtima otchedwa echo, komanso munthu wodziwa kuwerenga zithunzi zake pa mwana wamng'ono. Sabaya, sang'amba. Amapaka mafuta ozizira pachifuwa, n'kuyendetsa kachipangizo pamwamba, dokotala n'kumaona mmene mtima ukufinyira. Amafufuzanso gwero lake: kwa ena ndi mavairasi amene anatupitsa mnofu wa mtima, kwa ena ndi HIV, kapena mankhwala ena a khansa, ndipo kwa ena ndi za kumtundu. Akakufunsani ngati kwanu kapena kuchimuna kunamwalirapo munthu mwadzidzidzi adakali wachinyamata, musabise. Sakufuna kuloza chala mbumba ya munthu ayi, akufuna kudziwa ngati abale ake a mwanayo nawonso afunika kuunikidwa.

Chithandizo chenicheni ndi mapiritsi. Furosemide, amene ambiri amati Lasix, amachotsa madzi kudzera mumkodzo. Enalapril kapena captopril amamasula mitsempha kuti mtima usamavutike pokankha. Ena amawonjezeredwa spironolactone, carvedilol kapena digoxin. Mlingo wake umatengera kulemera kwa mwana, ndiye akamakula umasintha. Ulendowu si wa kamodzi.

Za panjira ndizo zimandidetsa nkhawa kwambiri. Mayi wochokera ku Nsanje amadziwa kuti minibasi siimira munthu aliyense wofuna kutaya madzi, ndiye amalumphitsa Lasix dzulo lake ndi tsiku la ulendolo. Mwana amafika ku Blantyre atabanika, m'malo mwa kiliniki n'kuthera pa okosijeni. Musadumphitse mankhwala mwa nokha. Funsani pachipatala chanu ngati n'kotheka kusuntha ola lomwera, ndipo nyamulani matewera kapena nsalu zokwanira. Mwanayo akhale tsonga kapena motsamira pa inu, osati chagada. Tchipisi tothira mchere tapawindo musamupatse, mchere umasunga madzi m'thupi. Akayamba kusanza kapena kutsegula m'mimba, tsikani pachipatala chapafupi, poti mwana wakumwa mankhwala awa akatha madzi m'thupi impso zimavulala msanga.

Nyamulani buku la kuchipatala, kalata yokutumizani, zithunzi za X-ray ngati anakupatsani, ndi mankhwala onse m'mapaketi ake. Kunena kuti "timapiritsi toyera ting'onoting'ono" sikumuthandiza dokotala. Pobwerera, musatuluke m'chipindamo asanakulembereni m'bukumo dzina la matenda, kulemera kwa mwana, mlingo wa mankhwala aliwonse ndi tsiku lobweranso. Amene adzamuone akabanika usiku ndi wachipatala wa kwanu, ndipo iyeyo adzadalira zolembedwazo.

Nanga ku India? Funsoli silisowa. N'zoona kuti boma limatumiza odwala ena kunja, ndipo ana a bowo kapena mavavu amapindula nako. Koma mnofu wa mtima ukafookeratu, opaleshoni yotsala ndi yoika mtima wina. Yoyamba inachitika ku Groote Schuur, mumzinda wa Cape Town, mu 1967, koma kuno kwathu sichitika, ndipo wolandira mtimayo amamwa mankhwala okwera mtengo moyo wake wonse. Ndimakana kulonjeza makolo zimenezo. Zimene ndinganene moona ndi izi: ana ena, makamaka amene matenda awo anayamba ndi vairasi, mtima umabwerera mwakale pakapita miyezi kapena zaka. Ena amakhala ndi matendawa koma n'kumapita kusukulu akumwa mankhwala. Ena amafookerabe ngakhale tichite zonse. Pa echo yoyamba palibe dokotala angadziwe kuti mwana wanu ali gulu liti, n'chifukwa chake ndalama ya thiransipoti isathere pa ulendo woyamba. Patulani ina ya tsiku lobweranso lija.