Makomiti a m'midzi ya ku Mangochi: kuchokera pa bwalo la mfumu kufika ku khonsolo

Munthu akasankhidwa lero kukhala m'komiti ya chitukuko cha m'mudzi ku Mangochi, kapena m'komiti ya asodzi pa doko lina la ku Malombe, amalowa pa mpando umene wakhala ukukanganiridwa kwa zaka zoposa 100. Mkangano wake ndi wakuti ndani ayenera kulankhulira mudzi pamaso pa boma: mfumu imene inalowa ufumu mwa magazi, munthu wa chipani, kapena munthu wamba amene anzake amukwezera manja pansi pa mtengo.

Atsamunda asanafike, derali linali m'manja mwa mafumu amphamvu achiyawo monga Mponda, Makanjira ndi Jalasi, amene ankalamulira njira za malonda zopita kugombe la nyanja ya mchere. Nkhani za mudzi zinkakambidwa pa bwalo, mfumu ili pakati pa nduna zake ndi akuluakulu a mabanja. Mu 1891 Angerezi anamanga linga lawo m'mbali mwa mtsinje wa Shire pafupi ndi kwa Mponda, nalitcha Fort Johnston (limenenso linadzakhala dzina lakale la boma la Mangochi) potengera dzina la mtsogoleri wawo Harry Johnston, ndipo pofika 1895 anali atagonjetsa Jalasi ndi Makanjira. Poyamba boma latsopanolo linkawaona mafumu ngati adani, koma silinachedwe kuzindikira kuti msonkho sungatoleredwe popanda iwo. Lamulo la 1912 linaika mafumu akuluakulu pansi pa bwanamkubwa, ndipo la 1933 linawapatsa mabwalo awoawo a milandu ndi mphamvu zokhazikitsa malamulo ang'onoang'ono. Kuyambira pamenepo mfumu inasanduka munthu wa mbali ziwiri, kholo la anthu ake komanso maso a boma.

Makhonsolo a m'maboma anakhazikitsidwa ndi lamulo la 1953, ndipo chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960 anthu anayamba kusankha okha makhansala. Kwa kanthawi kochepa makhonsolowa ankayang'anira sukulu za pulayimale, misika ndi misewu ya m'midzi. Dziko litakhala la chipani chimodzi mu 1966, mphamvuzo zinakokedwa pang'onopang'ono kupita ku likulu, ndipo khansala anayenera kukhala munthu amene chipani cha Malawi Congress chamuvomereza. Makomiti a chitukuko analipo ndithu, koma ankadzaza ndi matcheyamani a chipani, ndipo ntchito yawo inali yotsitsa mawu ochokera kumwamba. Ku Mangochi mantha anali aakulu kuposa m'maboma ambiri, chifukwa kunali kwawo kwa Masauko Chipembere, nduna yakale ya boma, amene mu February 1965 anatsogolera anthu ake kuukira boma la Fort Johnston. Zimene zinatsatira kuukirako, kuphatikizapo kumangidwa kwa anthu a m'mudzi wa Moto, zinaphunzitsa anthu kuti pa msonkhano munthu wanzeru amaomba m'manja n'kubwerera kwawo.

Chimene chinayamba kusintha zinthu m'bomali chinali nsomba. Nyanja ya Malombe, imene Shire amadutsamo akangotuluka m'nyanja ya Malawi, inkapereka matani masauzande a chambo pa chaka chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, koma patangotha zaka khumi chambo chinali chitatsala pang'ono kutheratu. Makoka a maso ang'onoang'ono ndi maukonde a nkacha, amene amasaka kambuzi, ankakokolola ndi kasawala yemwe, n'kuzula udzu wa pansi pa madzi umene nsomba zimabisalamo. Nthambi ya boma yoona za nsomba inali ndi malamulo, koma inalibe maboti, mafuta ndi anthu okwanira kulondera doko lililonse. Motero mu 1993, chaka chomwecho chimene Amalawi anavotera ndale za zipani zambiri, boma mothandizidwa ndi mabungwe akunja linayambitsa ndondomeko yoti asodzi azisamalira okha nyanja ya Malombe ndi chigawo cha kumtunda cha Shire kudzera m'makomiti a pa doko, amene ambiri amawadziwa ndi dzina lakuti BVC. Lamulo la za nsomba la 1997 linabwera pambuyo kudzavomereza kuti anthu a m'midzi atha kugawana ndi boma udindo umenewu.

Apa ndi pamene ntchito ya munthu wa m'komiti imaonekera bwino. Iye amadzuka m'bandakucha kukadikira mabwato pa doko, amatenga ukonde wonyowa n'kuyeza maso ake, amalemba mayina a eni zida ndi alendo amene abwera kudzapha nsomba kuchokera kumadoko ena, ndipo nyanja ikatsekedwa kuti chambo chiswane, ndi iye amene amayenera kulanda khoka la munthu amene waswa lamulo. Vuto ndi lakuti woswa lamuloyo si mlendo nthawi zonse. Nthawi zambiri amakhala mlamu wake, kapena munthu amene amapemphera naye mu mzikiti umodzi Lachisanu, kapenanso mwini zida amene anamukongoza ndalama mwana atadwala. Wogwira ntchito m'boma akalanda ukonde amakwera njinga yamoto n'kubwerera ku ofesi, koma wa m'komiti amagona m'mudzi momwemo, ndipo mawa lake akakumana ndi mwini ukondewo pa maliro.

Makomitiwa sanayende mofanana. M'madoko ena anakangana ndi mafumu, chifukwa kuyambira kale msodzi wobwera ankapempha malo kwa mfumu n'kumapereka nsomba za ulemu, ndiye komiti itayamba kufunsa za zida za mlendoyo, mfumu inaona ngati yalandidwa mphamvu ndi chakudya chomwe. Kwina mafumu anaikamo abale awo, komiti n'kungokhala dzina. Kwinanso anthu analowamo potsata alawansi ya kumaphunziro, ndipo thandizo lakunja litatha, iwonso anazimiririka. Alovi, amene ndiwo amapalasa ndi kukoka ukonde usiku wonse, kawirikawiri sankapezeka m'makomitimo ngakhale kuti malamulowo ankakhudza iwo poyamba. Chambo sichinabwerere mu Malombe monga mmene anthu ankayembekezera, ndipo amene amanena kuti ndondomekoyi inalephera ali ndi poyambira. Komabe ine ndikuona kuti kuyeza makomitiwa ndi matani a nsomba okha n'kuwalakwira, pakuti kwa nthawi yoyamba msodzi wa kwa Chimwala kapena kwa Chowe anakhala pa mpando umodzi ndi wa boma, n'kumuuza maso ndi maso kuti lamulo lakuti silingatheke pa nyanja yathu ino.

M'zaka zomwezo za m'ma 1990 boma linali kuyesa njira yomweyi pa chitukuko chonse. Mangochi inali limodzi mwa maboma asanu ndi limodzi amene anayambira kuyeserako ndondomeko yoti mapulani azichokera m'midzi, mothandizidwa ndi UNDP, nthambi ya United Nations yoona za chitukuko. Mu 1998 panabwera ndondomeko ya mphamvu ku anthu pamodzi ndi lamulo la maboma ang'onoang'ono. Makwerero ake ndi amene tikuwadziwa lero: komiti ya chitukuko ya kwa gulupu, yotchedwa VDC, imasonkhanitsa zofuna za midzi, n'kuzipereka ku komiti ya dera la mfumu yaikulu, ya ADC, kumene zimasefedwa mothandizidwa ndi alangizi a zaulimi, a zaumoyo ndi a zamaphunziro zisanapite ku khonsolo. Mfumu pa makomitiwa imayenera kukhala mlangizi chabe, osati wapampando, ndipo ku khonsolo mafumu akuluakulu amakhala nawo pa zokambirana koma savota.

Pamwamba pa makwererowa panayenera kukhala makhansala osankhidwa, koma apa ndale zinalowererapo. Chisankho chawo chinachitika mu 2000, nthawi yawo inatha mu 2005, ndipo dziko linakhala zaka zisanu ndi zinayi popanda khansala ndi mmodzi yemwe kufikira chisankho cha patatu cha pa 20 May 2014. M'zaka zimenezo thumba la chitukuko cha m'madera a aphungu la CDF linakhazikitsidwa, ndipo anthu anazolowera kuliona ngati ndalama za phungu. Mu 2010 lamulo linasinthidwa kuti aphungu azivota m'khonsolo ndipo chiwerengero cha mawodi chinachepetsedwa. Makhansala atabwerera anapeza mpando wawo utakhalidwa kale, ndipo kukokanakokana pakati pa khansala, phungu ndi bwanamkubwa pa nkhani ya amene ayenera kusankha pomanga mlatho kapena mdadada wa sukulu kunayambira pamenepo.

Chimene chimaiwalika n'chakuti m'zaka zopanda makhansalazo, amene anagwirizira dongosolo lonse anali anthu a m'ma VDC ndi ADC, osalipidwa kanthu. Ndi iwo ankamema anthu kuumba njerwa ndi kututa mchenga, kutolera ndalama zokonzera mjigo ukawonongeka, kuwerenga matumba a simenti kontirakitala asanawabise, ndiponso kulemba mayina a mabanja oti alandire chimanga njala ikavuta. Ntchito yolemba mayinayi ndi imene imawadanitsa kwambiri ndi anthu, chifukwa matumba amakhala ochepa kuposa osowa, ndipo aliyense wotsala amati komiti yadya. Ena amadyadi, ndipo sitingawaikire kumbuyo. Koma m'boma lalikulu ngati la Mangochi, kumene munthu wa kwa Makanjira amayenda makilomita oposa 100 kuti akafike ku ofesi ya khonsolo, ndipo nthawi ya mvula mitsinje imatha kudula msewu, mlembi wa VDC amene amasunga kope la zokambirana ndi amene amachititsa kuti pempho la mudzi lisathere pakamwa. Namondwe wa Freddy atawononga chigawo cha kummwera mu March 2023, makomiti a m'midzi oona za ngozi zogwa mwadzidzidzi ndi amene anayamba kuwerenga nyumba zogwa, thandizo la boma ndi la mabungwe lisanafike.